Mzere Wanga ndi Lole ya Achimwene

Ntchito yanga si yovuta kuifotokoza, koma kwathu palibe amene anaimvetsapo. Mayi anga mpaka anamwalira akuuza anzawo kuti mwana wawo ndi wojambula wa boma. Sindinawatsutse, chifukwa kwenikweni sankanama.

Ndimagwira mu ofesi yoona zomangamanga za boma. Boma likafuna kumanga sukulu, chipatala kapena mlatho, limalengeza tenda. Makontilakitala amalemba mtengo umene aliyense angamangire, n'kumata mu envelopu, n'kudzaponya m'bokosi lachitsulo limene limakhala pafupi ndi khomo lathu lalikulu. Tsiku likakwana bokosilo limatsegulidwa anthu onse akuona, mitengo n'kuwerengedwa mokweza, kuti wina asadzati panachitika zamseri. Anthu akabalalika, mapepala aja amadzagwera pa desiki yanga. Ine ndimatolamo zinthu zimene sizisowa pa ntchito iliyonse, monga khoma, denga ndi konkire, n'kuyerekeza mtengo wa lero ndi wa m'mbuyomu. Pakatha miyezi itatu ndimajambula mzere woonetsa kumene mitengo ikupita, n'kukaupachika pa bolodi ya zidziwitso kuti wofuna aone. Chiyambireni ntchitoyi sindinauonepo mzerewo ukutsika. Ukatopa umangopuma pang'ono, kenako n'kuyambanso kukwera.

Anthu amandimvera chisoni. Amati, tsiku lonse manambala okhaokha, mutu sukupweteka? Koma ine ntchito yanga ndimaikonda, ndipo sindibisa. Kachipinda kanga ndi kakang'ono, fani yake imazungulira ikafuna yokha, zenera lake limayang'ana poimika magalimoto, ndipo ketulo ndi yangayanga, sindibwereketsa. M'mawa ndikathira tiyi n'kutsegula mulu wa mapepala atsopano, mtima wanga umakhala m'malo. M'manambala aja ndimaonamo anthu. Uyu wachita mantha ndi mtengo wa dizilo, uyu ali ndi zitsulo zotsala ku ntchito ina, uyu wangolota n'kudzuka n'kulemba. Mzere wanga ndi umene umathandiza akuluakulu kuti asamalonjeze makalasi khumi ndi ndalama zokwanira makalasi asanu. Nthawi zina amaumvera, nthawi zina amadikira kaye kuti zinthu ziwavute. Koma munthu mmodzi amene sankaumvera ngakhale pang'ono anali achimwene anga.

Achimwene ndi kontilakitala. Amandiposa zaka zambiri, ndipo bambo atamwalira ndi iwo amene anandilera. Anayamba ndi kusakaniza simenti ya amisiri ena, n'kudzakhala mmisiri, mpaka n'kukhala ndi kakampani kawokawo. Ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama zonunkha simenti. Makontilakitala anzawo anawapatsa dzina lakuti a Tchipitsani, chifukwa bokosi likatsegulidwa mtengo wawo unkakhala pansi pa onse. Dzinalo linali lowaseka, koma iwo analilandira ndi manja awiri. Pakanapanda alamu, akazi awo, akanalilemba ndi penti pa chitseko cha lole.

Vuto lawo linali limodzi basi. Mtengo wa tenda ankaulemba potengera mitengo ya tsiku limene akulembalo. Ankazungulira m'mahadiweya pensulo ili kukhutu, kufunsa thumba la simenti, malata, zitsulo, misomali, n'kuwonjezapo kaphindu kochepa koti munthu wina angachite nako manyazi kukatchula. Komatu boma silithamanga. Kuchoka tsiku lotsegula bokosi kufika tsiku limene munthu wasaina kontilakiti n'kuyamba kukumba maziko pamadutsa miyezi, ndipo simenti siidikira komiti. Pa ntchito zing'onozing'ono zoterezi, mtengo ukasainidwa wasainidwa, palibe kubwerera kukalira. Ntchito yawo yomaliza inali makalasi a sukulu ina ya pulayimale, ndipo anaimanga bwino zedi, makoma ake owongoka osafuna kuwayang'ana kawiri. Koma kuti denga likwere inagulitsidwa pikapu yawo, ndipo kuti mawindo alowe anapita makina osakanizira konkire. Chimene chinatsala ndi lole.

Loleyo ndi yakale, yabuluu, ndipo ikamaliza kulira m'mawa agalu a m'dera lonse amakhala atadzuka. Koma ndi imene imadyetsa banja pamene kulibe tenda. Imatuta mchenga, njerwa ndi miyala ya anthu omanga nyumba zawo, ndipo fizi ya ana awo imachokera pamenepo. Tonse tinkadziwa, ngakhale panalibe wolimba mtima kunena pamaso pawo, kuti akadzawinanso ntchito ina ndi kawerengedwe kawo kaja, yotsatira kupita ndi loleyo.

Ndiye kunatuluka tenda ya nyumba za anamwino pa chipatala china chaching'ono. Nditangoona chilengezocho ndinadziwa kuti achimwene sailekerera, chifukwa inali ntchito ya msinkhu wawo ndendende. Ndinanyamuka kupita kwa bwana wanga, mayi wamtali amene saseka msanga, kukanena monga mwa lamulo kuti m'bale wanga apikisana nawo.

"A Tchipitsani atulukiranso?" anatero bwana, osadzutsa mutu. "Chabwino. Fayilo imeneyi musaikhudze, ndipo tsiku lotsegula mukapumeko mphepo panja. Mapepala ake mudzawaona zonse zikatha."

Lamulo limeneli silindivuta. Limandithandiza kugona bwino, komanso limandipatsa chonena achibale akayamba kundiyang'ana ndi maso opempha.

Lamlungu masana ndinapita kunyumba kwawo. Ndinapeza alamu kukhitchini akutsuka makapu, ndipo asanandifunse n'komwe za ana anga anakankha chitseko ndi phazi.

"Alamu, inu mumakhala pafupi ndi manambala," anatero chapansipansi. "Boma laikira zingati ntchito imeneyi? Mungondinong'oneza ine. Ine ndikawauza kuti ndalota."

"Fayilo imeneyo sindiiona n'komwe, alamu. Ndipo ndikanaiona sindikananena."

"Ndiye sukulu yonse ija inali ya chiyani? Chabwino. Lole ikapita anawa ndidzakutulirani pakhomo, muzikawadyetsa mzere wanuwo."

Ankanena akuseka, koma kapu imene ankaipukuta inali itauma kalekale. Alamu ndi munthu wansangala, wokonda phokoso, ndipo kuwaona akuchita mantha kunandiwawa kwambiri kuposa mawu awowo.

Achimwene anali pakhonde, mapepala ali mbwee patebulo, atawatsindikiza ndi theka la njerwa kuopa mphepo. Kakyuleta yawo yomangidwa ndi selotepi inali pambali pa kapu ya tiyi.

"Wabwera wojambula wa boma," anatero. "Khala apo, koma maso ako ayang'ane kumsewu."

Ndinatembenuza mpando n'kuwafulatira mapepalawo, monga timachitira nthawi zonse. Tinakamba za ana, za bondo lawo, za tayala limene linaphulika. Ndinali nditadzilonjeza kuti sindiyambitsa nkhani ya mitengo, koma pakamwa panga sipamvera malonjezo.

"Achimwene, simenti mwaiwerengera pa mtengo wa liti?"

"Wa dzulo. Ndafunsa malo atatu."

"Nanga mudzaigula liti?"

"Akandipatsa ntchito."

"Ndiye kuti liti?"

"Iwe, ine si mneneri, ine ndi mmisiri. Ndimalemba chimene ndaona ndi maso angawa."

"Mzere uli pa bolodi, ndipo ndi waulere. Anzanu onse amaujambula pa foni. Inu nokha ndi amene mumadutsapo mutayang'ana kumbali."

Ndinamva akuika pensulo patebulo. Achimwene akakwiya sakweza mawu, amayamba kulankhula pang'onopang'ono ngati akuphunzitsa mwana kuwerenga.

"Mzere wakowo, chemwali, ndi mzere wa akuba. Wina akweza mtengo, iwe ulemba kuti mitengo yakwera. Anzake aona pepala lako, akwezanso, iwe ulembanso. Mukungokankhana kupita kumwamba, ndipo wolipira ndi ndani? Ndi mayi wogulitsa tomato amene amadula msonkho pamsika. Izitu ndi nyumba za anamwino. Ukufuna ine ndikabere namwino?"

Mawuwo anandilasa, chifukwa funso limenelo ndinali nditadzifunsapo ndekha kangapo. Ndinatembenuka, n'kuiwala zoyang'ana kumsewu, koma maso anga anali pa nkhope yawo, osati pa mapepala.

"Mukanaliyang'anapo pepala langalo mukanaona kuti pali mizere iwiri," ndinatero. "Wakuda ndi wa makontilakitala. Wofiira ndi wa m'sitolo, simenti, zitsulo, dizilo, pamodzi ndi malipiro a amisiri. Ikamayendera limodzi, ndiye kuti palibe wakuba, zinthu zangodula. Wakuda ukathawa n'kusiya wofiira pansi, ndimanyamula pepala kupita kwa bwana. Ndinachitapo zimenezo, ndipo pali anthu amene sandipatsa moni mpaka lero. Panopa ikuyendera limodzi."

"Chingerezi chambiri," anatero, ngakhale sindinalankhule Chingerezi.

Apa ndi pamene mtima unandithawa. Ine ndili ndi ukali wa mayi anga, umabwera mochedwa koma ukabwera sufunsa kuti pakhomo ndi pa ndani.

"Makalasi aja boma linalipira makoma okha. Denga munalipira ndinu, ndi pikapu. Boma silinakupempheni mphatso, achimwene. Nanga anamwinowa mukufuna muwapatse chiyani, lole?"

Kukhitchini madzi anasiya kutsika pampopi. Chibadwire ndinali ndisanawalankhulepo chonchi munthu amene ankandinyamula paphewa kupita kusukulu mvula ikagwa. Anatenga kapu yawo, n'kuiyang'ana, n'kuibwezera patebulo.

"Tiyi wazizira," anatero. "Pita ukawathandize alamu ako."

Ndinabwerera kwathu mtima uli wolemera. Zimene ndinanena zinali zoona, koma ndinazinenera pakhonde pawo, akazi awo akumva. Sanandiimbire foni, inenso ndinaopa kuimba.

Patapita masiku, ndikuchokera kumpopi ndi ketulo yanga, ndinawaona. Anali ataima pa bolodi ya zidziwitso atavala ovololo, magalasi ali kunsonga kwa mphuno. Ndinabwerera m'mbuyo msangamsanga n'kubisala pakona, ine mayi wamkulu wa ana, ketulo ili m'manja. Anayang'ana uku ndi uku kuona ngati pali wowadziwa. Kenako anatulutsa tepi yoyezera m'thumba, n'kuigoneka pa mzere wofiira, kuutsata kutsetsereka kwake monga amachitira poyeza denga. Anaika chala pamene mzere unathera, n'kukoka tepi kupitirira pepala langa, kupitirira chidziwitso cha msonkhano wa ogwira ntchito, mpaka kutuluka pa bolodi. Pakhoma penipeni anaikapo kachizindikiro ndi pensulo. Anaima pamenepo kanthawi akukanda m'mutu, kenako anapinda tepi n'kutuluka ngati munthu amene anangolowa kudzafunsa njira.

Atapita ndinakayang'ana. Kachizindikiroko kanali pafupi ndithu ndi pamene kompyuta yanga inkaloza, kungoti anapitirirako pang'ono. Ndinaseka ndekha mpaka wonyamula makalata anandifunsa ngati ndili bwino. Koma sindinadzinamize. Kuyeza ndi kwina, kuvomera ndi kwina, ndipo achimwene ndi munthu woti akhoza kuyeza dzenje bwinobwino n'kulowamo.

Tsiku lotsegula bokosi ndinaiona pa zenera lole ikulowa, n'kudya malo a magalimoto awiri, mlonda manja ali m'mwamba. Achimwene anatsika atavala jekete yawo ya khofi imene imatuluka pa tenda ndi pa maukwati basi. Analowa m'nyumba, ndipo posakhalitsa bwana wanga anasuzumira pakhomo panga.

"Nthawi yakwana. Kapumeni mphepo."

Ndinatuluka kupita poimika magalimoto, ndipo ndinadabwa kupeza alamu atakhala kutsogolo kwa lole, chikwama chili pamiyendo. Iwo sabwera ku zinthu zimenezi. Anandikodola ndi dzanja, ndinakwera n'kukhala pambali pawo. Pamwamba pa chikwama panali envelopu yaikulu ya khaki, yomatidwa, yodindidwa sitampa ya kampani.

"Alamu! Aiwala kuponya?" ndinatero, mtima uli phaa.

"Ayi, aponya. Iyi ndi inzake." Alamu anapumira m'mwamba. "Bambo awa andikalambitsa. Alemba ziwiri. Ina mtengo wawo uja, ina akuti mtengo wa pakhoma, kaya ndi khoma liti ine sindikudziwa. Amata zonse mofanana. Tafika pano akhala phee, zonse zili m'manja, injini ikulira. Kenako atenga imodzi, ina andiponyera ine. Ndawafunsa kuti mwatenga iti, akuti gwira pakamwa, ndipo usatsegule."

"Iwo akudziwa imene atenga?"

"Akudziwa. Ndawaona akukanda pakona ndi chikhadabo."

Tinaitembenuza envelopuyo uku ndi uku kufuna kachizindikiro kawo, osapeza kanthu. Alamu anaikweza pagalasi kuti dzuwa liwale mkati, koma khaki wake anali wokhuthala. Anaigwedeza pafupi ndi khutu ngati manambala amalira.

"Titsegule pang'ono pokha," anatero. "Ndili ndi guluu kunyumba."

"Ine ndiye sindikhudza. Bwana wanga ali ndi maso kumsana."

"Inu ndi malamulo anuwo." Anaibwezera pamiyendo n'kuiphimba ndi manja onse awiri. "Alamu, ine ndikupemphera kuti amuna anga aluze. Mwamvapo mkazi wopemphera chonchi? Mulungu andiona bwanji?"

Tinaseka. Mu lolemo munkanunkha dizilo ndi fumbi la njerwa. Pa dashibodi panali chipewa chakale cha achimwene ndi sipanala, ndipo pa galasi pankalendewera kansapato ka mwana wawo woyamba, amene pano ndi wamtali kuposa bambo ake. Mpando unali utabowoka malo amene amakhala iwo. Ndinayesa kuganiza munthu wina atakhala pa chiwongolero chimenecho, koma ndinalephera. Mu ofesi muja ndinkadziwa zimene zikuchitika ngakhale sindinkaona: anthu awiri a makiyi osiyana akutsegula maloko, maenvelopu akukhuthulidwa patebulo, mlembi akung'amba imodziimodzi, bwana akuwerenga dzina ndi mtengo ndi mawu ake osakwera osatsika, makontilakitala atawerama akulemba m'manja ndi pa mafoni. Kuwina kwenikweni kumabwera pambuyo, komiti ikaunika mapepala, koma aliyense amadziwa kuti wotsika mtengo amene mapepala ake ali bwino ndi amene amakagona akumwetulira.

Chitseko chachikulu chinatseguka ndipo anthu anayamba kutuluka m'magulumagulu. Patsogolo panali bambo wachinyamata wa suti yothina, foni ili kukhutu, akufuula kuti, "Tatsika onse! Onse tawatsika!" Achimwene anatuluka kumapeto, jekete ili paphewa, akuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha bondo lija. Nkhope yawo sinkanena kanthu. Anafika pa lole, n'kutsamira pazenera, n'kundiyang'ana ine, n'kuyang'ana akazi awo.

"Ndaluza," anatero.

Alamu anakuwa ndi chimwemwe mpaka mlonda anatembenuka. Anawagwira amuna awo m'masaya kudzera pazenera, akuti, "Zikomo bambo, zikomo, mwachita bwino, Ambuye akudalitseni." Makontilakitala awiri amene ankadutsa anaima kuyang'ana, osamvetsa kuti banja ili lasokonekera pati.

"Ndili pakati penipeni," achimwene anapitiriza. "Ena pamwamba, ena pansi. Bwana wako atawerenga dzina langa ndi mtengo anavula magalasi n'kuyang'ananso pepala. Chipinda chonse chinatembenuka. Wina kumbuyo anafunsa kuti a Tchipitsani mwadwala?"

Ndinaseka, misozi ili m'maso. Koma alamu, amene sadziwa kusiya chinthu chili chomata, anali atang'amba kale envelopu ija. Anatulutsa pepala loyamba n'kuwapatsa amuna awo.

"Nanga iyi ikanatani?"

Achimwene sanaliyang'ane n'komwe pepalalo. Analipinda kanayi n'kuliika m'thumba la malaya.

"Ikanamutsika mnyamata uja," anatero. "Ndi patali."

Chimwemwe chathu chinaphwa pang'ono. Anayang'ana kumbali, ku nyumba ya ofesi, ndipo ndinaona kuti zawapweteka ndithu. Nyumba zija anali atazimanga kale m'mutu mwawo. Ankadziwa kumene khitchini idzayang'ane, kumene adzaike thanki ya madzi, mmisiri amene adzamupatse pulasitala. Zaka zonsezi kutuluka m'chipinda chija ali pansi pa onse ndi chimene chinkawauza kuti iwo ndi munthu wachilungamo, ndipo lero anachisiya okha, ndi dzanja lawo. Ndinafuna kupepesa za Lamlungu lija, koma iwo anayamba kulankhula ndisanatero.

"Amisiri anga ndiwauza chiyani?" anatero, osafunsa aliyense.

Bambo wa suti uja anali akadali pafoni pafupi ndi kagalimoto kake kakang'ono, akuuza munthu wachitatu kapena wachinayi nkhani yomweyo. Achimwene anamuyang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo inayamba kufewa. Si nsanje imene ndinaona, chinali chisoni cha munthu amene akuona mnzake akuthamangira njira imene iye anagwerapo. Anavala jekete, n'kukonza kolala.

"Dikirani," anatero.

Tinawaona akumugwira chanza, akumusisita paphewa. Mawu ena ankatifika. Anamufunsa ngati ali ndi lole, iye anapukusa mutu. Anamufunsa ngati msewu wa ku chipatalako anauonapo nthawi ya mvula, anapukusanso mutu. Kenako achimwene analoza lole yathu, alamu n'kukhala tsonga ngati akujambulidwa. Anakambirana kanthawi, akuwerenga zala, ndipo pomaliza anapatsana manambala a foni.

Atabwera anakwera pampando wawo n'kumenyetsa chitseko.

"Akamupatsa ntchitoyi, mchenga, njerwa ndi miyala ndizimututira ine," anatero. "Kulipira ulendo usanayambe. Amisiri anga awiri awatenga, chifukwa alibe wodziwa denga. Ndamuuzanso kuti tsiku limene adzalandire ndalama zoyamba asadzagule nsapato, adzathamangire simenti yonse n'kutsekera. Kaya amva, kaya samva, ndi mwana."

"Ndiye kuti nyumba za anamwino muzimangabe," anatero alamu.

"Ndizituta. Kumanga amange iyeyo, ine ndizigona tulo." Analiza injini, lole yonse n'kunjenjemera. "Chemwali, nthawi ya nkhomaliro yakwana. Bwana wako anati upume mphepo, sananene kuti upumire pati. Tiye tikakugulire chakudya, tikondwerere kuluza."

Tinabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, mlonda akutilondolera ndi manja ngati akutsitsa ndege. Ndinali pakati pa awiriwo, bondo langa likugunda giya, phewa la achimwene likundikhudza akamakhota. Ndinali wokondwa, kukondwa kwa phee kumene munthu amamva akatula katundu amene anamusenza nthawi yaitali. Tili pamzere wa magalimoto otuluka pageti, achimwene anakonza pakhosi.

"Chemwali," anatero, maso ali kutsogolo, "miyezi ikubwerayi, mzere wakowo ukuti bwanji?"

Zaka zonse zimene ndagwira ntchito imeneyi anali asanandifunsepo funso ngakhale limodzi la ntchito yanga.

"Ukukwera, achimwene. Makamaka wofiira. Dizilo ndi amene akuukoka."

Anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Kenako anaponda buleki mwadzidzidzi mpaka chipewa chija chinagwa kuchoka pa dashibodi, wa galimoto ya kumbuyo n'kuliza hutala. Anatulutsa mutu pazenera, kuyang'ana kumene kunali bambo wa suti uja.

"Bwana!" anafuula. "Mtengo wa lole ndakuuzani uja ndi wa mwezi uno wokha! Winawo tizikambirana mwezi ndi mwezi, ndikafunsa kaye kwa mlongo wanga!"